Mphira wa m'mawindo: kanthu kakang'ono kamene kamagoneka galimoto pa miyala

Aliyense amene adakwerapo matola kuchokera pa Ntengo-Wambalame mvula ili pamutu akudziwa kuti kukhala mpando wakutsogolo si mwayi masiku onse. Munthu umadzitama kuti lero ndakhala pafupi ndi adalaivala, anzako akunyowa kumbuyo pamwamba pa matumba a mbatatesi, koma pofika kumene ukupita upeza kuti onse mwanyowa chimodzimodzi.

Zidandionekera ine m'mwezi wa Januwale ndili pa ulendo wa ku Ulongué. Galimoto yake idali Toyota Hilux yakalekale, yoyera, injini yake yolira bwino zedi. Mvula itangoyamba, madzi adayamba kudontha kuchokera pa ngodya ya galasi lakutsogolo n'kumagwera pa mawondo anga. Adalaivala, munthu wachikulire wodziwa ulemu, adandipatsa chiguduli kuti ndizigwirira pamenepo, ndipo mnyamata wawo adatsika n'kukanikiza mapepala a pulasitiki m'ming'alu ya mphira wozungulira galasilo. Mkuluyo adangoseka, nandiuza kuti ndisade nkhawa poti galimotoyo sidawagonekepo panjira chiigulireni.

Adanena zoona, injiniyo sidawakhumudwitse. Koma patatha miyezi ingapo ndidaipeza galimoto yomweyo kuseri kwa galaji ina itakhazikidwa pa miyala, galasi atachotsa. Chitsulo chonse chimene galasi limakhalapo chidali chitadyedwa ndi dzimbiri, moti chala chimalowa ngati ukuboola chikondamoyo. Galasi lenilenilo lidasweka pochotsa. Nthawiyo anthu adali kalikiliki kukumba mbatatesi, amatola ena akupha makwacha ndi meticais, pamene mkulu uja amayendayenda kufuna woocherera zitsulo ndi galasi lina. Chidagoneka galimotoyo si injini, si giyabokosi, koma kachingwe kakuda ka mphira kamene ambirife sitikayang'ana n'komwe.

Galimoto yakale ndiyo chuma chathu

Kuno ku chigawo cha malire galimoto yakale si ya chionetsero ayi. Ndi yomwe imanyamula mbatatesi, kabichi, tomato ndi nyemba kupita nazo ku Ulongué, ku Tete, ngakhalenso ku misika ya m'malire monga pa Lizulu ndi pa Biriwiri. Kwa anzathu a ku Macanga ndi yomwe imatuta fodya ndi chimanga m'misewu yafumbi ya ku Furancungo. Mayi wodwala pakati pa usiku amathamangira nayo kuchipatala, ndipo pa maliro ndi yomwe imanyamula bokosi.

Akuluakulu akukumbukira kuti pa nthawi ya nkhondo misewu ya kuno idali zii, anthu ambiri atathawira ku Ntcheu ndi ku Dedza. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu adabwerera m'midzi ndipo magalimoto adayambanso kuoneka, ambiri a iwo ogulidwa kwa eni ake ena ku South Africa, ku Zimbabwe ndi ku Malawi. Pambuyo pake padadza ochokera ku Japan, nawonso ogwiritsidwapo kale ntchito. Mpaka lero mukhoza kukumana ndi Land Rover, Hilux, minibasi ya Hiace imene timati chapa, kapena ka Nissan 1400 kamene adasiya kupanga ku South Africa m'chaka cha 2008. Ambiri mwa magalimotowa mphira wa m'mawindo mwawo ndi womwe adatuluka nawo ku fakitale. Mwini galimoto amasintha matayala, batire ndi oyilo, koma mphira amaukumbukira tsiku limene madzi amudonthera pa bondo.

Chimene chimautha mphira

Mphira umene amakaniko amati malabala, ndipo m'masitolo a ku Tete amati borracha, uli ndi ntchito zinayi: kutsekereza madzi, kutsekereza fumbi, kugwira galasi kuti lisagundane ndi chitsulo, ndi kuletsa utsi kulowa m'kati. Pogula musasokoneze lilime n'kunena kuti bolacha, mungabwereko ndi mabisiketi.

Mphira weniweni ndi utomoni wa mtengo, wonga umene amalima ku esiteti ya Vizara m'boma la Nkhata Bay ku Malawi. Utomoni wokhawo ndi wonanda pakatentha ndipo umauma gwa pakazizira. Mzungu wina wa ku America, Charles Goodyear, ndi amene adapeza njira youphika pamodzi ndi sulufule kuti ukhale wolimba koma wotanuka, ndipo boma la kwawo lidamulembera umwini wa njirayo m'chaka cha 1844. Kuyambira zaka za m'ma 1960 mafakitale adayamba kupanga mphira wina wochokera ku mafuta a pansi pa nthaka wotchedwa EPDM, umene umapirira dzuwa ndi mvula kuposa wa mtengo. Ndi umenewu uli m'zitseko ndi m'mawindo a magalimoto ambiri amene tikukwera lero. Kuda kwake si utoto wopaka pamwamba: amasakanizamo mwaye wa mtundu wina wosalala kwambiri, umene umaulimbitsa ndi kuutchinjiriza ku cheza cha dzuwa.

Komabe palibe chosatha. Dzuwa ndi mpweya zimapsereza khungu lapamwamba la mphira pang'onopang'ono, ndipo mankhwala amene adauikamo kuti uzikhala wofewa amatuluka n'kuuma. Ndiye mumaona mphira wayamba mbuu ngati mwendo wa mwana amene sadadzole mafuta m'mwezi wa Juni, ndipo mukaupaka chala, chalacho chimada. Ukapitirira pamenepo umauma, umafupika m'ngodya, kenaka umang'aluka.

Dera lathu lino limafulumizitsa matendawa. Tili pamwamba pa mapiri, mamita opitirira 1,000 kuchokera pa nyanja ya mchere, ndipo malo okwera chotere cheza cha dzuwa chimakhala chaukali ngakhale mphepo ikuzizira. Galimoto imadzuka pa Tsangano itakutidwa ndi mame ndi chisanu, masana ili mu mzinda wa Tete kumene m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, usiku yabwereranso ku chisanu. Mphira umatanuka ndi kukhwinyata tsiku ndi tsiku. Onjezanipo fumbi la m'chilimwe limene limalowa m'ngalande za mawindo n'kumapala mphira ngati mchenga pa mphika, ndi kugwedezeka kwa m'misewu ya mabampu, mudzaona kuti mphira wa kuno umakalamba msanga kuposa wa m'tauni.

Kuwala si kuchira

Pano ndi pamene ambiri timalakwira. Mwini galimoto akaona mphira watuwa amafuna kuti ude ndi kunyezimira, basi. Anyamata otsuka magalimoto pa siteji amadziwa zimenezi, ndipo amapaka chilichonse chimene chili pafupi kuti bwana akondwere.

Oyilo wakutha wa mu injini, dizilo, palafini ndi girisi ndiwo adani oyamba. Zonsezi n'zochokera ku mafuta a pansi pa nthaka, ndipo mphira wa m'mawindo umazimwa ngati siponji. Tsiku loyamba umaoneka wakuda bii, wonenepa, mwini wake n'kumati wachira. Pakapita masabata umatupa, umafewa ngati phala, umatuluka m'malo mwake, ndipo mafutawo akauma umatsala wofumbutuka kuposa kale. Vaseline naye ali m'gulu lomweli ngakhale timadzola pa thupi. Mafuta ophikira amamata, amakoka fumbi ndipo amaitana nyerere ndi makoswe.

Ena amakonda mafuta a mabuleki chifukwa amadetsa mphira mokongola. Zoona, mphira wa EPDM mafuta amenewa saudya, n'chifukwa chake timalabala ta m'mabuleki timapangidwa ndi mphira womwewo. Koma mafuta a mabuleki amasupula penti. Kadontho kamodzi kakatsetserekera pa chitseko kamasiya mzere, penti amatukusira, ndipo dzimbiri lapeza khomo. Polishi wa nsapato amangobisa kutuwako kwa masiku ochepa, kenaka amadetsa malaya a anthu okwera.

Palinso amene amamata ming'alu ndi phula la pamsewu, sopo kapena silikoni wa m'nyumba uja wonunkha ngati viniga. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndipo apa phulalo limadyadi munthu ndalama. Zomatazi zimatseka pamwamba pokha, madzi amene adalowa kale amasowa potulukira ndipo amakhala pansi pa mphira chaka chonse akudya chitsulo. Silikoni wonunkha viniga ali ndi asidi amene amachititsa dzimbiri pa chitsulo chimene penti wake adachoka.

Yambani mwaupima

Musanagule kanthu kalikonse, pimani mphira wanu kuti mudziwe ngati uli wodwala kapena wakufa. Kanikizani ndi chikhadabo. Ukabwerera m'malo mwake msangamsanga, moyo ulipo, ngakhale utatuwa bwanji. Ukakhala gwa ngati fupa, kapena ukabenthuka tizidutswa, watha. Pindani pang'ono mlomo wake ndipo muyang'anitsitse: timing'alu ta pamwamba tonga ta pa chidendene si toopsa kwenikweni, koma mng'alu wofika mpaka m'kati palibe mankhwala amene angaulumikize.

Pa zitseko tengani pepala la m'kope, muliike pakati ndi kutseka chitseko, kenaka likokeni. Likamakana kutuluka, mphira ukugwira. Likangosololoka, pamenepo ndi pamene fumbi ndi madzi zimalowera. Chitani zimenezi malo angapo kuzungulira chitseko chonse.

Pomaliza wina akhale m'kati, wina athire madzi ndi kheni yothirira kudimba, kuyambira m'munsi mwa galasi n'kumakwera pang'onopang'ono. Mukayamba kuthira padenga simudziwa pamene madzi alowera. Tukulaninso mphasa za pansi pa mapazi ndi kugwira chitsulo. Chinyontho kapena kafungo ka chuku ndi mboni yoti madzi akhala akulowa kwa nthawi yaitali.

Kutsitsimutsa mphira umene ukadali ndi moyo

Ntchitoyi sifuna makaniko ndipo zipangizo zake zambiri zili kale m'nyumba: ndowa ya madzi ofunda, sopo wochapira mbale kapena wamtanda, mswachi wakutha, tinsalu tiwiri kapena titatu toyera, ndi kabotolo ka gilisalini, yemwe uja amayi amasakaniza ndi mafuta odzola m'nyengo yachisanu. Ku famasi mukanena kuti glicerina akupatsani. Amene ali ndi mwayi wofika m'masitolo a zipangizo za galimoto ku Tete, ku Lilongwe kapena ku Blantyre afunse mafuta a silikoni opopera kapena opaka. Awa ndi osiyana ndi silikoni womatira uja, ndipo amakhalitsa kuposa gilisalini.

Imikani galimoto pa mthunzi, m'mawa chitsulo chisanatenthe. Tsitsani magalasi a m'mbali mpaka pansi. Tsukani mphira wonse ndi madzi a sopo, mukupukuta ndi mswachi m'makwinya monse, ndipo tukulani mlomo wa mphira ndi kamtengo kosalala kuti muchotse dothi limene lidabisala kunsi kwake. Musagwiritse ntchito sikuludiraiva kapena mpeni, mungakande penti kapena kubenthula galasi. Madzi oyamba adzatuluka akuda ngati a makala. Musaope, limenelo ndi khungu lakufa likuchoka. Bwerezani mpaka kansalu katayamba kutuluka koyera, tsukuluzani ndi madzi abwino, ndipo dikirani kuti paume bwinobwino. Anthu ambiri amadabwa kuona kuti kutsuka kokhako kwabweza theka la kuda kwa mphira.

Tsono dontheza gilisalini kapena silikoni pa kansalu, osati pa galimoto, ndipo pakani pang'onopang'ono mukutsata mphira kuyambira ngodya ina mpaka ina. Siyani kwa mphindi 15 kapena 20, kenaka pukutani zotsala ndi kansalu kouma. Mphira uoneke wakuda koma usanyowe, chifukwa zonyowa zimakoka fumbi. Ngati udauma kwambiri bwerezani mawa lake. Samalani kuti mafutawa asafike pa galasi lakutsogolo kapena pa mawaipa, chifukwa amasiya chifunga chimene chimathobwa m'maso usiku mukakumana ndi magetsi a galimoto ina. Akafikapo tsukani ndi sopo nthawi yomweyo.

Musaiwale ngalande zimene galasi la m'mbali limayendamo pokwera ndi potsika. Zikadzaza fumbi galasi limalimba, munthu amapukusa chogwirira mwamphamvu mpaka mano a makina a m'chitseko amatha. Zitsukeni ndi mswachi, zikauma pakanimo silikoni pang'ono, ndipo kwezani ndi kutsitsa galasi kangapo.

Kenaka gwadani muyang'ane kunsi kwa chitseko. Pali timabowo tiwiri kapena titatu timene adatisiya dala. Ngakhale galimoto ikhale yatsopano, madzi ena amatsetsereka ndithu ndi galasi kulowa m'chitseko, ndipo amayenera kutulukira pamenepo. Matope akatseka timabowoti chitseko chimasanduka mtsuko. Mukamva madzi akukhuchumuka potsegula chitseko, tokosani timabowoto ndi kawaya kapena kamtengo. Ndi ntchito ya mphindi imodzi koma imapulumutsa chitseko chathunthu.

Kunena zoona, gilisalini ndi silikoni sizibweza mphira kukhala watsopano. Zimaufewetsa pamwamba, zimautchinjiriza, ndipo zimauonjezera zaka. Gilisalini amasungunuka ndi madzi, choncho m'dzinja amafunika kubwereza mwezi ndi mwezi. Nthawi yabwino yoyambira ndi Okutobala, mvula yoyamba isanagwe, ndi kubwerezanso mu Meyi pamene fumbi ndi chisanu zikuyamba. Ndipo mankhwala otsika mtengo kuposa onse ndi mthunzi. Kachisakasa ka udzu kapena tsinde la mango zimasunga mphira kuposa botolo lililonse la m'sitolo.

Ukafa, usinthidwe

Mphira wong'aluka mpaka m'kati kapena wofupika moti m'ngodya mwatseguka ulibe pothawira, ufunika wina. Wa m'zitseko amagulitsa pa mita m'masitolo ena, ndipo ndi nzeru kudula kachidutswa ka wakalewo kupita nako kuti mukafananize, poti maonekedwe ake ndi ambirimbiri. Wogula kwa ophwasula magalimoto aupime ndi chikhadabo monga tanenera, angagule wakufa kusinthanitsa ndi wakufa mnzake.

Pa galasi lakutsogolo pafunika kudziwa kaye mtundu wa galimoto yanu. Magalimoto ambiri a masiku ano galasi lawo adachita kulimata ku chitsulo ndi guluu wamphamvu, ndipo kamphira kozungulira ndi kongotchinga m'mphepete. Limenelo musalimbane nalo panyumba, lisiyireni amisiri a magalasi amene ali ndi guluu wake. Koma akale aja, monga Land Rover, Nissan 1400 ndi ma Hilux oyambirira, galasi limagwidwa ndi mphira wokhawokha, ndipo amisiri a kuno amalibwezera ndi chingwe.

Pochotsa, dulani mlomo wa mphira wakalewo ndi mpeni wakuthwa kuti galasi lituluke lokha mosakankha. Ambiri amaswa galasi pofuna kupulumutsa mphira woti ndi wakutha kale, n'kutaya chinthu cha mtengo wapatali chifukwa cha chotsika mtengo. Galasi likachoka, yang'anani chitsulo. Palani dzimbiri lonse ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, pamene paboola aocherere, ndipo pakani penti woletsa dzimbiri n'kumusiya aume. Kuika mphira watsopano pa dzimbiri ndi kufolera udzu watsopano pa phaso lofumbwa.

Mphira watsopanowo uuyanike pa dzuwa kanthawi kuti ufewe, kenaka uvekedwe kuzungulira galasi. M'ngalande yake yakunja mumalowetsa chingwe cholimba cha nayiloni, chonenepa ngati cha nsapato, kuzungulira konse mpaka nsonga ziwiri zipitirirane pakati cha m'munsi. Pakani madzi a sopo, khazikani galasi pa malo ake nsonga za chingwe zili m'kati mwa galimoto. Mutu umodzi susenza denga: wina akhale kunja akukanikiza ndi zikhatho zotambasula, osamenya, pamene wina m'kati akukoka chingwe pang'onopang'ono, mbali iyi pang'ono, mbali inayo pang'ono. Chingwe chikamatuluka chimakokera mlomo wa mphira pamwamba pa chitsulo. M'ngodya ndi mofunika kudekha kwambiri. Mukatha, thiraninso madzi ndi kheni muone ngati pali podontha.

Si za madzi okha

Eni chapa ndi magalimoto okhala ndi chitseko chakumbuyo amvetsetse apa. Galimoto ikamathamanga, mphepo imazungulira kumbuyo kwake n'kumakokera utsi wa ekizozi pa chitseko chimenecho. Mphira wa pamenepo ukatha, utsi umalowa m'kati. Mu utsiwo muli mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka. Ulibe fungo ndipo suoneka. Umayamba ndi mutu, chizungulire ndi tulo. M'miyezi yozizira, pamene aliyense amatseka mawindo pokwera mapiri a kuno, ana okhala mpando wakumbuyo ndi amene amaupuma kwambiri, ndipo dalaivala wosinza pa chiongolero tonse tikudziwa mathero ake. Ngati okwera kumbuyo amadandaula mutu ulendo uliwonse, kapena fumbi limawayeretsa tsitsi mawindo ali chitsekere, pimani mphira wa chitseko chakumbuyo ndi paipi ya utsi lero lomwe.

Madzi olowera pa galasi lakutsogolo nawo sathera pa mawondo a munthu. Amatsikira kuseri kwa dashibodi kumene kuli mawaya ndi mafyuzi, ndipo tsiku lina magetsi amangozima muli pakati pa phiri usiku. Galasi logwedera m'mphira wouma limagundana ndi chitsulo pa bampu iliyonse mpaka ling'aluke, ndipo galasi long'aluka limabweretsa mafunso pa rodibuloko, kaya ndi mbali ino kaya ndi tsidya la malire.

Mkulu wa Hilux uja galimoto yake idabwerera pamsewu, koma nyengo ya mbatatesi idali itapita ndipo ng'ombe imodzi idatuluka m'khola kuti alipire woocherera ndi galasi. Nditakweranso nawo posachedwa ndidaona kabotolo ka gilisalini ndi mswachi zili m'kabokosi ka kutsogolo pamodzi ndi mapepala a galimoto. Mvula idatipeza panjira, ndipo buluku langa lidafika louma.

Inu amene muli ndi galimoto pakhomo, kaya ndi yanu kaya ndi ya abwana anu, Loweruka likubwerali tengani ndowa, sopo ndi mswachi. Mitambo ikayamba kusonkhana ku Domwe mudzakhala mutachedwa.